Magetsi Ofiira pa Mlatho wa Kessel

Noreen Pawlak ananyamuka mochedwa kwambiri tsiku limenelo. Ankafuna kutuluka mu Saginaw dzuwa lisanalowe, koma kulongedza nyumba imene munthu wakhalamo zaka makumi anayi si ntchito yamasewera. Pamene ankamata katoni yomaliza n'kuti 11 koloko ya usiku itadutsa, ndipo pawayilesi anali atanena kale kuti chipale chofewa chiyamba kugwa m'bandakucha.

Bambo ake, a Chester, anali kunyumba yosamalirako okalamba chidwalire sitiroko mu Ogasiti. Dzanja lamanja linafa, mwendo ankachita kukoka, koma mutu unkagwira bwinobwino. Nyumba yawo inali itagulidwa ndipo eni ake atsopano ankalowa Lolemba. Chinatsala chinali chimodzi chokha: galimoto ya m'galaja, imene Noreen ankayenera kukaisunga kunyumba kwake.

Inali Chevelle ya mu 1970, yakuda bii, ya mizere iwiri yoyera paboneti. A Chester anaigula yatsopano ali ndi zaka 22, atangolembedwa ntchito kufakitale yosungunula zitsulo. Injini yake inali ija anyamata ankangoitchula kuti 454, ya masilinda asanu ndi atatu, mphamvu zake zofanana ndi akavalo 450. Zaka zimenezo petulo sankadetsa nkhawa munthu, ndipo Loweruka usiku anyamata a m'mafakitale ankapikisana m'misewu ya kuminda mpaka matayala kufuka utsi. Kenako petulo anavuta, malamulo a utsi anabwera, magalimoto amtunduwu anasiya kupangidwa. Ambiri anatha ndi dzimbiri kuseri kwa nkhokwe. Ya a Chester inatsala ngati yangotuluka kumene m'fakitale.

Lamlungu lililonse akabwerako ku Misa ankaivundukula, kuiliza mphindi khumi, n'kuima pambali mutu atapendeketsa, kumvetsera. Oyilo ankasintha okha. Mapulagi ankawachotsa limodzilimodzi, kuwayang'ana mtundu, mwina mpaka kuwanunkhiza. Ndipo lamulo lawo lalikulu aliyense m'banjamo ankalidziwa: tayala la galimoto imeneyi lisadzaponde mchere. Mchere umene amawaza m'misewu nthawi yachisanu ndi umene umadya magalimoto kuno ku Michigan, kuyambira kunsi.

Noreen atatembenuza kiyi, mawindo a galaja ananjenjemera. Posakhalitsa Mayi Dombrowski, oyandikana nawo nyumba, anatuluka atafunda chijasi pamwamba pa zovala zogonera.

"Iwe Noreen! Ufuna ana a eni ake akomoke? Usiku uno?"

"Pepani amayi, ndikuchotsani chiphokosochi lero. Simudzachimvanso."

"Gona konkuno, upite mawa kukacha. Ndakusungira supu."

"Mawa misewu ikhala yoyera ndi mchere. Bambo akamva angandidye wamoyo."

Mayiwo anapukusa mutu. "Chigalimoto chimenechi! Malemu mayi ako ankanena okha kuti anakwatiwa pamitala, ndipo wamkulu anali uyu wa m'galajayu. Pita, koma uyende ngati munthu, osati ngati bambo ako."

Pamsewu waukulu Noreen anaona kale magalimoto owaza mchere akukonzeka, nyali zawo zachikasu zikuzungulira. Ndiye anakhotera msewu wakale wa m'mbali mwa mtsinje wa Cass, umene umakatulukira kufupi ndi kwawo. Unali wopapatiza, wopanda nyali, minda ya chimanga chokololedwa uku ndi uku.

Atafika pamalo owongoka, mtima unamunyenga. Zaka 46 zonse za moyo wake anali asanaipondepo galimotoyi mmene imafunira. Anabweza giya, n'kupondereza phazi. Kutsogolo kwa galimoto kunadzuka, msana wake unamatirira kumpando, ndipo injini inabangula mpaka mano ake kuchita kugwedera. Mitengo ya magetsi inkadutsa ngati zikhomo za mpanda. Anaseka yekha mokweza, koyamba chidwalire bambo ake.

Kusekako sikunapite patali. Injini inatsokomola kamodzi, kawiri. Fungo la petulo linadzaza m'kati. Kenako zii.

Galimoto inayenda yokha pang'ono n'kuima m'mbali mwa msewu. Anayesa kuliza: inkangozungulira, osagwira. Anayesanso. Kachitatu anamva batire ikuyamba kufooka ndipo analeka. Anatulutsa foni kuti aimbire mwamuna wake. Netiweki panalibe ngakhale kamzere kamodzi.

Anawerengera m'mutu. Kwawo kunali ulendo wa ola limodzi wapansi: kudutsa manda akale a Achijeremani, kuwoloka mlatho wa Kessel, kenako kukwera kachitunda. Anatenga tochi ndi sipanala yaikulu m'bokosi la bambo ake, anakiya galimoto, n'kuyamba kuyenda.

Kunkazizira koopsa. Mpweya wotuluka m'kamwa mwake unkaoneka ngati utsi patsogolo pa tochi. Kunalibe galu wouwa, kunalibe nyumba yowala. Nsapato zake zokha pamiyala: tswa, tswa, tswa.

Atafika pampanda wa manda anawonjezera liwiro. Miyala ya pamanda inkaoneka mbuu, ina itapendekeka, ina itagwa. Sanafune kuyang'anako. Anayang'ana kutsogolo basi.

Tswa, tswa, tswa.

Phwa... phwa... phwa...

Anaima. Zinazo zinaimanso.

Anayenda masitepe atatu. Kumbuyo kwake kunamvekanso, phwa... phwa... ngati munthu amene nsapato zake zadzaza madzi.

Anafinya sipanala ija n'kutembenuka mwadzidzidzi, tochi patsogolo.

Panali mnyamata. Wamtali, wowonda, wa zaka za m'ma 20, tsitsi lofika m'khosi. Anavala malaya opyapyala a mikono yaifupi, m'chisanu chimenecho! Manja anali m'matumba. Kuwala kwa tochi kunamumenya m'maso koma sanaphethire.

"Musandiyandikire!" anakuwa Noreen. "Ndikuphwanyani mutu!"

"Ija mwaisiya apo ndi ya Chet," anatero mnyamatayo. Mawu ake anali otsika, osathamanga. "Ndaimva ikubwera kuchokera kutali. Palibenso ina imene imalira choncho."

Noreen anatsitsa sipanala pang'ono. Dzina loti Chet ankaitanira bambo ake ndi anzawo akale okha, ndipo ambiri mwa iwo anali atatsikira kale kulichete.

"Mumawadziwa bambo anga?"

"Bambo anu?" Mnyamatayo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Chet ali ndi mwana? Wamkulu chonchi? Haa... ndiye kuti papita nthawi."

"Ndinu ndani?"

"Duane. Tiyeni, yangomwa petulo wambiri. Kabuleta yake imatero ikakhalitsa osathamanga."

Noreen anadziuza kuti ameneyu ayenera kukhala mwana kapena mdzukulu wa mnzawo wa bambo ake, mmodzi mwa anyamata opengera magalimoto akale amene amadzaza ziwonetsero nthawi yotentha. Anadziuzanso kuti kusiya Chevelle pamsewu mpaka chipale chiikwirire kunali kupha bambo ake. Anabwerera, mnyamata uja patsogolo, iye pambuyo, sipanala ili m'manja.

Phwa... phwa... phwa...

Msewu unali wouma gwa. Noreen anawunika pansi. Paliponse pamene mnyamatayo waponda pankatsala chidindo cha madzi.

"Mwanyowa kuti?" anafunsa.

Mnyamatayo anangopitiriza kuyenda.

Atafika, Noreen anatsegula boneti. Mnyamatayo anaweramira injini, manja ali m'matumba momwemo. Nkhope yake inafewa ngati ya munthu amene waona m'bale wake.

"Waisamala," anatero. "Palibe ndi kadontho ka oyilo komwe. Chet ndi wotero. Chimene wachikonda amachisamala."

"Nayi sipanala."

"Ayi. Manja angawa sagwiranso chitsulo. Chotsani chivundikiro cha sefa ya mpweyacho. Eya. Mwaona pamene petulo akusefukirapo? M'katimo muli kachitsulo koyandama kamene kamatseka petulo akadzaza. Kakakamira. Gogodani apo ndi chogwirira. Pang'onopang'ono, si mdani wanu."

Go. Go. Go.

"Basi. Tidikire aume. Mukamailiza, phazi lifike pansi penipeni, musapope."

Anadikira. Noreen ankanjenjemera, mpweya wake ukufuka. Apo m'pamene anazindikira. Mnyamatayo ankayankhula, koma pakamwa pake sipankatuluka utsi. Ngakhale pang'ono.

Ndipo fungo limene ankalimva silinali la petulo yekha. Linali la matope. Matope a pansi pa mtsinje.

Analowa m'galimoto msangamsanga. Phazi pansi. Kiyi. Injini inazungulira mwaulesi, inatsokomola, kenako inabangula, utsi wakuda uli tolo kumbuyo. Noreen anatuluka, anabwezera chivundikiro, anatseka boneti. Anayang'ana uku ndi uku. Mnyamata uja panalibe.

Anapumira m'mwamba n'kukhala pampando.

"Mukanditsitse pamlatho."

Mayo! Anali pampando wa pambali pake. Chitseko cha mbali imeneyo Noreen sanachitsegule. Chinali chokiya.

Dzanja la Noreen linalowetsa giya lokha.

Anadutsa manda aja. Mnyamatayo ankangoyang'ana kutsogolo. Madzi ankadontha kuchokera pampando kugwera pansi. Tho... tho... tho...

"Pa giya yachitatu imakokera kumanja," anatero. "Imaterobe?"

Noreen anagwedeza mutu.

"Yanga inali yopepuka. Poyambira ndinkamusiya. Koma ikafika yachitatu, iyi inalibe mnzake."

Zitsulo za mlatho zinaonekera m'kuwala kwa nyali. Mlatho wa Kessel ndi wakale, wa galimoto imodzi. Awiri sangadutsane.

"Chepetsani."

Anachepetsa.

"Pitirirani pang'ono. Pang'ononso. Apa. Imani apa."

Anaponda buleki pakati penipeni pa mlatho. Pansi pankamveka madzi akuyenda.

"Ndi pomwepa pamene anaima," anatero mnyamatayo. "Magetsi akumbuyo a galimoto iyi ndimawadziwa bwino. Ofiira. Ukamawaonera pansi apo amaoneka okongola. Ndinawerenga. Wani... thu... fili... Ndinati akutsika. Ndinati Chet akubwera."

Anatembenuka pang'onopang'ono n'kumuyang'ana Noreen. M'maso mwake munalibe mkwiyo. Munalibe chilichonse.

"Kenako anazima."

Noreen anatsinzina. Anayamba pemphero la Tikuoneni Maria koma mawu anasokonekera pakati.

Atatsegula maso, pampando panalibe munthu.

Anayang'ana pagalasi loonera kumbuyo. Phazi lake linali likadali pabuleki, ndipo mlatho wonse kumbuyoko unali psuu. M'kufiira kumeneko munaima mnyamata uja, m'mphepete, pamene zitsulo zotchinga zinali za mtundu wosiyana ndi zinzake. Anatsegula pakamwa ngati akufuna kuitana. Munatuluka madzi. Madzi okhaokha, akuda, osaleka...

Ndiye pansi pa mlatho panalira hutala.

Piiiiiii...

Hutala ya galimoto. Pansi pa madzi!

Noreen sakumbuka mmene anachotsera phazi pabuleki. Amangokumbuka matayala akulira pamatabwa a mlatho, chitunda chikubwera, ndi hutala ija ikumutsatira, ikucheperachepera, mpaka anakhotera pageti la kwawo. Mwamuna wake anamupeza ali m'galimoto, injini ikulira, manja atakanirira pachiwongolero. Anachita kumumasula chala chimodzichimodzi. Mpando wa pambali unali wonyoweratu, ndipo pansi pake panali matope.

Noreen sanagone. Kutacha, chipale chili mbee paliponse, anatenga galimoto ya mwamuna wake n'kupita kwa bambo ake.

Anawapeza ali panjinga yawo ya olumala pafupi ndi windo, namwino atangowapatsa khofi. Atamuona anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa.

"Wailowetsa chipale chisanagwe?"

"Ndailowetsa, bambo."

"Sinavute? Kabuleta ija imafuna kuinyengerera."

"Inazima panjira. Wina anandithandiza." Noreen anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nawo. "Bambo, Duane ndi ndani?"

Kapu inapendekeka m'dzanja lawo lamanzere. Khofi anatayikira pabulangete koma iwo sanayang'aneko.

"Wadutsa njira iti?"

"Ya kumtsinje."

"Anakuuza ndani dzina limenelo? Ndi Dombrowski?"

"Mwini wake. Wamtali, wowonda, tsitsi lofika m'khosi. Malaya a mikono yaifupi. Akuti munaima pamlatho. Akuti anawerenga mpaka katatu."

A Chester anaika kapu ija patebulo. Kukhonde kunkamveka wailesi yakanema ndi mawilo a ngolo ya mankhwala. Atayamba kuyankhula, mawu awo anali ngati a munthu wina.

"Duane Ketterer anamwalira mu Novembala 1971. Iwe usanabadwe. Ndinanyamula nawo bokosi lake."

Noreen anagwira m'mphepete mwa mpando.

"Tinkagwira shifiti imodzi. Anali mnzanga kuposa m'bale. Usiku umenewo tinachoka kufakitale awiriwiri, aliyense ndi galimoto yake, ndipo anandiseka kuti yanga ndi ngolo ya ng'ombe. Tinati tione amene ayambe kufika pamlatho. Panalibe wina aliyense, ife awiri basi. Tinafika pamodzi, mphuno ndi mphuno. Wina ankayenera kusiya. Ndinadikira kuti asiye iyeyo. Iye anadikira ine." Anayang'ana pansi. "Ndinamupanikiza, Noreen. Sindinamugunde, koma ndinamutsekera. Anathyola zitsulo n'kugwera m'madzi."

"Ndiye munaima."

"Ndinaima."

"Bwanji simunatsike?"

"Hutala inkalira. Ndinadziwa kuti ali moyo, akuiimba ndi iyeyo. Madzi a pamenepo si akuya kwenikweni, ndipo kusambira ndinkatha. Koma ndinaganiza za apolisi. Ndinaganiza za ndende, za ntchito, za mayi ako amene ndinali nditangowafunsira. Ndinaganizanso..." Anatseka maso. "Ndinaganizanso zoti andilanda galimoto. Mulungu andikhululukire, zimenezonso ndinaganiza. Ndinapita kunyumba n'kukagona."

Noreen anaimirira n'kupita pawindo. Anakumbuka mmene ankanyadira bambo akewa pamaso pa anzake, bambo osamwa, osatukwana, okonzera anthu magalimoto ulere.

"Anamupeza mawa lake masana," anapitiriza a Chester. "M'galimoto munali mabotolo akale a mowa, ndiye anthu anati analedzera, anagwa yekha. Duane sankamwa akamayendetsa, mabotolowo anali a mkulu wake. Ine ndinkadziwa. Bambo ake anamwalira akumutchula chidakwa. Mayi ake anasiya kupita kutchalitchi chifukwa cha manyazi. Pamaliro anandikumbatira, amvekere, 'Chet, ukanakhala naye iwe sizikanachitika.'"

"Zaka 48, bambo."

"Ndikudziwa kuwerenga."

"Amayi ankadziwa?"

"Palibe ankadziwa. Ndiwe woyamba." Anayang'ana dzanja lawo lakufa lija. "Anaoneka wokwiya?"

"Ayi. Anati mwaisamala bwino galimoto."

Apo nkhalambayo inalira. Sinalire mokweza. Mapewa ankangogwedezeka, misozi ikutsika mbali imodzi ya nkhope kuposa inzake. Noreen sanawagwire. Anawasiya alire mpaka atatopa.

"Kwawo kunatsala ndani?" anafunsa.

"Mlongo wake, Arlene. Anali ndi zaka 15. Anakwatiwa ku Bay City, kwa a Schramm. Khirisimasi iliyonse amanditumizira khadi." Anapukuta mphuno ndi bulangete. "Amati ndine ndekha amene ndimamukumbutsa mchimwene wake."

Noreen anatsegula kabati ya pambali pa bedi. Kabuku ka manambala kanali momwemo, pansi pa korona wawo wopempherera. Anapeza dzinalo, analemba nambala pafoni yake, n'kuiika patebulo patsogolo pawo.

"Mwanawe, sindingathe. Ndine wodwala. Taona mmene ndilili."

"Pakamwa panu pakugwira ntchito."

"Adzandida. Iwenso wandida kale, ndikuona."

"Sindikudziwa ngati ndakudani, bambo. Ndidziwa m'tsogolo. Koma mayi uja wakhala moyo wake wonse akuganiza kuti mchimwene wake anadzipha yekha ndi mowa. Mukapanda kumuuza inu, ndikamuuza ine, ndipo zikapweteka kuposa."

A Chester anaiyang'ana foniyo ngati njoka. Kenako anatambasula dzanja lamanzere n'kudina.

Inaitana kamodzi. Kawiri. Kachitatu wina anayankha, mawu a mayi wachikulire, ansangala, kumbuyo kukumveka mbale ndi ana.

"Halo? Ndani?"

"Arlene, ndine Chet."

"Chet! Abale inu, ndinamva kuti mwadwala, ndakhala ndikuti ndibwere! Muli bwanji?"

A Chester anayang'ana mwana wawo. Noreen sanawathandize.

"Arlene," anatero, "uza anawo atuluke, ndipo ukhale pansi. Duane sanali yekha usiku uja."